Tisanagule pulogalamu yatsopano, ndani anaonererapo munthu akudzaza fomu yathu?

Nachisale:
Moni nonse m'gulu muno. Funso langa likupita kwa amene mwagwirapo ntchito m'boma kapena m'mabungwe othandiza anthu. Masiku ano kukangomveka dandaulo loti anthu akuchedwa kuthandizidwa, yankho lofulumira limakhala loti tipange app, tiziike zonse pa intaneti. Kubungwe kumene ndimagwira nkhani ndi yomweyo, akuluakulu akufuna fomu yopemphera thandizo ichoke papepala ilowe m'foni. Sindikukana ayi, koma mtima wanga sukukhazikika. Fomu imene tili nayoyi anthu ambiri amalephera kale kuidzaza okha, amachita kudzaziridwa. Ndiye ikalowa m'foni chisinthe n'chiyani? Amene munaonapo zoterezi zikuyenda bwino, zinayenda bwanji? Amene munaona zikugwa, zinagwera pati?

Kondwani:
Achemwali, ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu omwewo, koma ndikuuzani chilungamo: fomu yoipa ikalowa m'kompyuta imaipiraipira. Papepala munthu akafika pa funso limene sakulimvetsa amalidumpha, kapena amalemba m'mphepete kuti sindikudziwa, kalaliki n'kumvetsa. Pa sikirini batani lopitira patsogolo limangokana, malemba ofiira n'kutulukira, munthu n'kuthera pomwepo.

Chitsanzo chimene ndimachikonda si cha app n'komwe. Ku Michigan, ku America, fomu yopemphera thandizo la boma inali ya masamba 42, mafunso oposa 1,000, mawu oposa 18,000. Bungwe laling'ono la ku Detroit lotchedwa Civilla linakhala pansi ndi anthu opempha thandizowo komanso ogwira ntchito amene amalandira mafomuwo, n'kumaona pamene munthu waima, pamene wafufuta, pamene wataya cholembera. Fomu yatsopano inayamba kugwira ntchito mu 2018 itafupika ndi pafupifupi 80 peresenti. Ntchito yaikulu inachitikira papepala, ndi anthu owerenga funso lililonse n'kumatsutsana ngati likufunikadi. Ndiye musanaitane anthu ngati ine, tengani fomu yanuyo muiyang'ane ndi maso a munthu amene sanalowepo mu ofesi yanu.

Bambo Banda:
Zikomo achinyamata poyambitsa nkhaniyi. Ine ndinakalambira m'maofesi a boma, ndipo mafomu amtundu umenewu ndawalandira ambiri ndi manja angawa. Ndiloleni ndiwaikire kumbuyo pang'ono. Palibe funso limene linangodzilemba lokha. Lina lilipo chifukwa lamulo limatero. Lina analiwonjezera chaka chimene wina anaba, akuluakulu n'kulamula kuti zisadzachitikenso. Lina ndi la oyendera mabuku a ndalama, amene akabwera safunsa ngati mayi uja anathandizidwa msanga, amafunsa kuti chidindo chili kuti, siginecha ili kuti. Kalaliki akadumpha funso, mlandu ndi wake yekha. Funso lililonse lili ndi mwini wake amene akuopa kuchotsedwa ntchito, musaiwale zimenezo.

Kondwani:
Bambo, mwanena zoona, ndipo n'chifukwa chake ntchito imeneyi siyenda popanda anthu ngati inu pa tebulo. Njira yake ndi yotopetsa koma si yovuta. Mumatenga funso limodzilimodzi n'kufunsa kuti yankho lake amaliwerenga ndani, ali ofesi iti, ndipo akaliwerenga amachita nalo chiyani. Likapanda kukhalapo, chiime n'chiyani? Mupeza ena amene lamulo limawafunadi, amenewo asakhudzidwe. Koma mupezanso mulu wa mafunso amene mwini wake anapuma ntchito kalekale, mayankho akungounjikana m'kabati. Ku Britain pokonzanso fomu ya Carer's Allowance, ndalama yothandiza anthu osamalira odwala ndi olumala, anachotsamo mafunso 170, pafupifupi theka la fomu yonse.

Bambo Banda:
Ngati a zamalamulo ndi oyendera mabuku asayinira okha kuti funso lakutilakuti lichoke, pamenepo ndavomera. Bola asadzamusiye kalaliki yekha zikadzavuta.

Mayi Nkhoma:
Ine ndimagwira ntchito ndi okalamba komanso mabanja osowa, ndiye ndifotokoze zimene maso anga anaona. Agogo ena anabwera ndi mdzukulu wawo kudzalembetsa pa dongosolo latsopano la pa foni. Foniyo ndi ya mdzukuluyo. Atangolemba dzina, funso lotsatira likufuna tsiku, mwezi ndi chaka chobadwa. Agogo akudziwa chaka chokha. Pulogalamu ikukana kupitirira. Mwanayo anangolemba 1 Januwale kuti zidutse. Kenako akuti tatumiza nambala yachinsinsi pa meseji, ilembeni msanga isanathe mphamvu. Netiweki inali yofooka, meseji inafika nthawi itadutsa. Atapempha ina, zonse zimene analemba zija zinafufutika, n'kuyambiranso pa dzina. Zitachitikanso chimodzimodzi, agogo anapukusa mutu, n'kumuuza mwanayo kuti tiye tizipita, mwina thandizoli si la anthu ngati ife.

Mawu amenewo ndi amene amandipweteka mpaka lero. Sananene kuti makinawa ndi oipa, anadziimba mlandu okha. Ndipo mu lipoti la mwezi umenewo agogowo mulibe, chifukwa makina amawerenga amene amaliza kulembetsa. Amene abwerera panjira sawerengedwa ndi aliyense.

Tadala:
Mayi, mfundo yomalizayo ndi yaikulu. Lipoti limatha kunena kuti aliyense amene analembetsa anathandizidwa, osanama, pamene anthu ofunikira thandizo kwambiri sanafike n'komwe pa tsamba lomaliza.

Limbani:
Nkhani ya agogowa yandikhudza, koma tisafike poliopa luso lamakono. Taonani Estonia, dziko la anthu pafupifupi 1.3 miliyoni. Kuyambira 2001 ali ndi X-Road, njira imene maofesi osiyanasiyana amapatsirana zimene akudziwa za nzika mosamala. Mfundo yawo ndi yoti boma lisafunse munthu chinthu chimodzi kawiri. Fomu ya msonkho imabwera yodzazidwa kale, iwe kwako n'kungoona ngati zili bwino n'kuvomera. Anayamba kuvota pa intaneti mu 2005. Mwana akabadwa n'kulembetsedwa, boma ndi limene limayamba kuuza makolo kuti mukuyenera ndalama zakutizakuti, osadikira kuti iwo apemphe. Agogo aja akanakhala m'dongosolo lotere, tsiku lobadwa sakanafunsidwanso. Vuto silinali foni, linali loti anapanga zinthu mwatheka.

Tadala:
Achimwene, Estonia ndi yosiririka, palibe angakane. Koma okopera ambiri amatengako zooneka pa sikirini zokha. Chimene chimachititsa kuti asakufunse kawiri ndi kaundula wolondola, chiphaso chokhala ndi chip chimene anayamba kupereka mu 2002, ndi malamulo onena kuti ofesi iti ili ndi chilolezo choona chiyani. Palinso chinthu chimene ine ndimachiona kuti n'chofunika kuposa zonsezo: nzika imatha kulowa n'kuona kuti ndi ofesi iti imene yatsegula mbiri yake. Boma likamakuona, iwenso ukuliona. Popanda chimenecho, kulumikiza makaundula onse n'kupereka mphamvu zoopsa kwa aliyense amene ali ndi pasiwedi.

Ndipo nawonso zinawavutapo. Mu 2007 makompyuta a boma ndi a mabanki anaukiridwa kudzera pa intaneti, ndipo mu 2017 kunapezeka chofooka m'machip a ziphaso mazanamazana a zikwi, mpaka anachita kuziyimitsa kuti zikonzedwe. Anapulumuka chifukwa anali ndi akatswiri awoawo odziwa mkati mwa dongosololo.

Limbani:
Pa zoona amene watsegula mbiri yako ndagwirizana nanu kotheratu. Chimene ndikukana n'choti tibwerere ku mizere ndi mafayilo osowa ngati kuti kumeneko kunali mtendere. Pepala nalonso linkataya anthu, kungoti linkawataya mwakachetechete.

Chikondi:
Ndilankhulepo monga munthu wosaona. Foni yanga imandiwerengera zimene zili pa sikirini, ndipo webusaiti ikapangidwa bwino ndimachita zanga ndekha, popanda kuuza munthu zinsinsi zanga. Kwa ine umenewu ndi ufulu umene pepala silinandipatsepo. Ndiye a Limbani ndikukumvetsani.

Koma tamvani zimene ndimakumana nazo. Ndimafika pa tsamba, foni n'kumangoti batani, batani, batani, chifukwa wopanga sanalembe kuti batani lililonse ndi lachiyani. Ndimadzaza fomu yonse bwinobwino, pamapeto akuti sankhani zithunzi zimene muli galimoto kuti titsimikize kuti ndinu munthu. Chikalata chofunika amachijambula ngati chithunzi n'kuchiika pa intaneti, foni yanga siipezamo liwu ndi limodzi lomwe. Pena cholakwika amachisonyeza ndi mtundu wofiira basi, osalemba kuti chalakwika n'chiti. Zonsezi zili ndi mankhwala ake odziwika, malangizo a WCAG, onena mmene mawebusaiti angapangidwire kuti anthu olumala aziwagwiritsa ntchito, alipo kalekale ndipo ndi aulere. Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 1.3 biliyoni, kapena kuti 16 peresenti ya anthu onse padziko lapansi, ali ndi ulumali waukulu ndithu. Si ife ochepa ayi. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye poyesa mapulogalamu anuwo muzitiitana ife tikuvutikafe, musamatiganizire muli mu ofesi.

Nachisale:
Achemwali a Chikondi, zikomo kwambiri. Za zikalata zojambula ngati chithunzizo zimachitika m'mabungwe ambiri, ndipo ochita amaona ngati athandiza.

Mbewe:
Ine ndikufuna tipite kumene kuli koopsa kwambiri. Mpaka pano tikukamba za makina amene amalephera kulandira munthu. Palinso makina amene amaweruza munthu.

Ku Australia kunali dongosolo limene anthu analitcha Robodebt, limene linakula kwambiri kuyambira 2016. Boma linkafuna kupeza amene analandira ndalama zothandizira zopitirira muyeso. Kompyuta inkatenga ndalama zimene munthu anapeza chaka chonse malinga ndi ofesi ya msonkho, n'kuzigawa mofanana pa milungu iwiriiwiri yonse ya chakacho, n'kuyerekeza ndi zimene munthuyo ankanena kuti wapeza. Tangoganizani munthu wa maganyu, amene anagwira ntchito miyezi itatu, miyezi inayo ali chikhalire. Masamu amenewa amamuonetsa ngati ankalandira malipiro chaka chonse n'kumabisa. Kalata ya ngongole inkangotuluka, ndipo udindo wotsimikiza kuti alibe ngongole unali wa mwini wakeyo, akafunefune mapepala a malipiro a zaka zapitazo kwa mabwana amene mwina anatseka kale. Mu 2019 khoti linapeza kuti njirayi inali yosemphana ndi lamulo. Mu 2020 boma linalengeza kuti libweza ndalama zokwana madola a ku Australia 721 miliyoni pa ngongole pafupifupi 470,000, ndipo komiti yaikulu yofufuza inatulutsa lipoti lodzudzula kwambiri mu 2023.

Ku Netherlands nako ofesi ya msonkho inanamizira mabanja oposa 20,000 kuti anaba ndalama zothandizira kulera ana, n'kuwalamula kubweza zonse. Kukhala nzika ya mayiko awiri kunkawerengedwa ngati chizindikiro chokayikitsa. Mabanja analowa m'ngongole zosaneneka, ndipo nduna zonse za boma la Mark Rutte zinatula pansi udindo mu Januwale 2021.

M'maiko awiri onsewa makompyuta ankagwira bwino lomwe ntchito imene anapatsidwa. Anawapangira kuti ateteze thumba la boma, ndipo anthu amene ankalira sanamvedwe kwa zaka. Ndiye mukamati kupanga zinthu moganizira wogwiritsa ntchito, ine ndimayamba ndafunsa kuti wogwiritsa ntchitoyo ndani, wolandira kalata kapena wotumiza?

Bambo Banda:
A Mbewe, apa mwandifika pamtima. Kale munthu akabwera ndi kalata yolakwika, ndinkatha kutsegula fayilo, kuona pamene palakwika, n'kupita nayo kwa bwana tsiku lomwelo. Anzanga amene adakali pantchito amandiuza kuti masiku ano yankho lawo ambiri ndi loti makina akukana, palibe chimene ndingachite. Wogwira ntchito akalandidwa mphamvu yokonza cholakwika, amasanduka mlonda wa makina. Dongosolo lililonse lizikhala ndi munthu wodziwika, wokhala ndi dzina ndi ofesi, amene angathe kunena kuti apa kompyuta yalakwa, ndikusintha, ndipo zilembedwe kuti wasintha ndi iyeyo.

Mayi Nkhoma:
Ndi zoona bambo. Ku India kuli Aadhaar, nambala ya chiphaso imene yafikira anthu oposa biliyoni imodzi, ndipo yathandiza ambiri kutsegula akaunti ndi kulandira thandizo. Koma kutsimikiza munthu ndi chala kumavuta kwa okalamba ndi kwa amene agwira ntchito zamanja moyo wawo wonse, chifukwa mizere ya pachala inafufutika. Anthu amenewo ndi omwewo amene thandizo analipangira. Makina akakana chala, pazikhala njira ina tsiku lomwelo, osati mubwerenso mawa.

Tadala:
Popeza a Nachisale ali kubungwe, ndinenepo za mabungwe, chifukwa matenda athu ndi osiyana pang'ono ndi a boma. Munthu amene timamuthandiza salipira, ndipo nthawi zambiri alibe kwina kopita. Amene amalipira ndi opereka thandizo. Ndiye mwachibadwa fomu imakula motsatira zofuna za amene akulipirayo. Uyu akufuna tiwerenge mwakuti, uyo akufuna zaka zigawidwe mwakuti, wina akufuna chithunzi ndi malo enieni pa mapu. Zonsezo zimakathera pa mayi amene wangobwera kudzapempha chinthu chimodzi, ndi pa wogwira ntchito wa m'dera amene madzulo amakhala akulemba nkhani imodzimodzi m'mapulogalamu osiyanasiyana.

Chachiwiri ndi ntchito zoyesera zimene sizikula. Ndalama zimapezeka zoyambitsira chinthu chatsopano, koma zolipirira amene azichisamalira chaka chachinayi sizipezeka. Ku Uganda zinafika poti mu 2012 unduna wa zaumoyo unayamba wayimitsa ntchito zatsopano za umoyo za pa foni, chifukwa zinachuluka, chilichonse payekhapayekha, zosalankhulana. Yerekezani ndi DHIS2, pulogalamu yaulere yosungira ziwerengero za umoyo imene imatsogoleredwa ndi University of Oslo, imene maunduna a m'maiko oposa 70 amagwiritsa ntchito. Si yokongola kwenikweni, koma mwini wake amakhala unduna, ndipo pali anthu ambiri odziwa kuikonza. Ine bungwe likandifunsa, ndimati yambani mwafufuza ngati chilipo kale chimene mungalowemo musanamange chanuchanu. Ndipo mafunso a opereka thandizo amakambika. Ambiri ukawaonetsa kuti funso lawo likubweza anthu pakhomo, amalola kuti ulifunse kwa anthu ochepa chabe, kapena pambuyo munthu atathandizidwa kale.

Nachisale:
A Tadala, mwakhudza penipeni. Tsono ndifunse a Kondwani. Kuonerera anthu kumene mukunenaku kumachitika bwanji kwenikweni? Ife tilibe ndalama za kafukufuku wamkulu, ndipo tikafunsa anthu ngati akhutira, onse amati takhutira, zikomo.

Kondwani:
Adzatero nthawi zonse, chifukwa munthu sanyoza amene akumuthandiza. Ndiye musafunse maganizo, onererani zochita. Jakob Nielsen, katswiri wa nkhanizi, analemba mu 2000 kuti anthu asanu okha amakuonetsani mavuto ambiri a chinthu chimene mukuyesa, ndipo n'kwabwino kuyesa kangapo ndi anthu ochepa kusiyana ndi kamodzi ndi chikhamu.

Mmene ndimachitira ndi motere. Ndimamuuza munthu kuti sitikuyesa iyeyo, tikuyesa fomu, ndipo akakakamira penapake wathandiza ife. Ndimamupatsa ntchito yeniyeni, mwachitsanzo pemphani thandizo la mwana wanu, pa foni yakeyake, osati yanga yapamwamba. Kenako ndimatseka pakamwa. Apa ndi povuta kwambiri, chifukwa ukamuona akulozera batani lolakwika, dzanja limafuna kumuthandiza. Usamuthandize. Lemba pamene wazengereza, mawu amene wawerenga kawiri, pamene wayang'ana kwa iwe. Anthu atatu akakhumudwa pa funso limodzi, vuto ndi funsolo. Konzani, sabata yotsatira muyesenso ndi ena. Simufunikanso kudikira pulogalamu, jambulani masamba ake papepala, munthu azilozera ndi chala.

Ndipo bwana amene ali ndi mphamvu yosintha zinthu akhalepo, aone ndi maso ake. Lipoti amatha kulitsutsa, koma akaona yekha mayi akuvutika ndi funso limene iyeyo analikakamira, nkhani imatha msanga.

Zoyeza zisinthenso. Mwa anthu amene ayamba, amaliza ndi angati, ndipo osiyawo akusiyira tsamba liti? Kuchokera tsiku lopempha kufika tsiku lolandira papita nthawi yaitali bwanji? Ndi angati akuimba foni kapena kubwera kudzangofunsa kuti pempho langa lili pati? Funso lomalizali limadya nthawi ya ogwira ntchito kwambiri, pamene kameseji kakafupi konena kuti talandira, tikuyankhani pofika tsiku lakuti, kamachotsa anthu ambiri pamzere.

Chikondi:
Ndiwonjezere kuti pa anthu asanuwo musasankhe ophweka okhaokha. Pakhale wosaona kapena wosamva, wina wovutika kuwerenga, wina wa foni yamabatani. Zikayenda kwa amenewa, kwa enawo ziyenda.

Limbani:
Pali mbali ina imene sitinaikhudze, ya kagulidwe. Pa 1 Okutobala 2013 boma la America linatsegula HealthCare.gov, webusaiti yogulirapo inshuwalansi ya zaumoyo. Panalowa ndalama zankhaninkhani ndi makampani ambirimbiri, koma tsiku loyamba anthu asanu ndi mmodzi okha ndi amene anakwanitsa kulembetsa. Aliyense anamanga chigawo chake, zonse pamodzi n'kuyesedwa mochedwa, kenako kutsegulira dziko lonse tsiku limodzi. Anachita kuitana kagulu kochepa ka akatswiri kudzapulumutsa zinthu, ndipo mu 2014 kunabadwa US Digital Service ndi 18F, timagulu ta akatswiri a makompyuta ta m'boma la America.

Ku Britain anayamba kale njira ina. Government Digital Service, ofesi yoyang'anira ntchito za boma za pa intaneti, inakhazikitsidwa mu 2011, ndipo GOV.UK, webusaiti imodzi ya boma lonse, inatsegulidwa mu 2012. Mfundo yawo yoyamba inali yoti ayambire pa zosowa za munthu, osati za boma. Munthu asachite kudziwa kuti nkhani yake ndi ya unduna uti, angolemba chimene akufuna kuchita. Amalemba m'mawu osavuta, amafunsa chinthu chimodzi pa tsamba limodzi, ndipo amayamba ndi kachinthu kakang'ono, kuyesa, n'kumakulitsa. Kontirakiti ya zaka zisanu yolembedwa zonse munthu asanayesepo ndi mmodzi yemwe imatseka njira yophunzirira.

Bambo Banda:
Koma timagulu ta akatswiri timeneti timadalira amene ali pampando. Ndinamva kuti 18F inatsekedwa mu 2025. N'chifukwa chake ine ndimati lusoli lizilowa mwa ogwira ntchito wamba a mu unduna, amene amatsala maboma akamasintha. Mlendo wodzakonza zinthu amapita, kalaliki amakhala.

Mbewe:
Ndibwerere kwa a Limbani ndi chitsanzo chowakomera, kuti asaone ngati ndimadana ndi makina. Ku California lamulo la 2016 linalola kuti anthu amene anapezeka olakwa pa milandu ina ya chamba apemphe kuti mbiri yawo ifufutidwe kapena ichepetsedwe. Mbiri yotere imatsekereza munthu ntchito ndi nyumba. Koma kupemphako kunkafuna mapepala, nthawi, nthawi zina loya. Ku San Francisco patapita chaka chathunthu anthu 23 okha ndi amene anali atapempha. Ofesi ya woimira boma pa milandu inagwirizana ndi bungwe la Code for America, kompyuta n'kuwerenga kaundula yokha, ndipo mu 2019 inapeza milandu yoposa 8,000 yoyenera kufufutidwa, popanda munthu kudzaza fomu. Luso lake silisiyana kwenikweni ndi la Robodebt, kufufuza m'kaundula n'kugamula. Kusiyana kwake n'koti kuno mtolo unachotsedwa pa munthu n'kuikidwa pa boma. Ndiye a Nachisale, mufunsenso ngati pa anthu ena fomuyo ikufunika n'komwe, makamaka amene muli nawo kale m'mabuku anu.

Limbani:
Apa ndiye tagwirizana achimwene. Bungwe lomwelo linapanganso GetCalFresh, imene inafupikitsa kupempha thandizo la chakudya ku California kuchoka pa mphindi pafupifupi 45 kufika pa mphindi 10 kapena kucheperapo, n'kumakumbutsa anthu pa meseji za masitepe otsala.

Mayi Nkhoma:
Chimodzi chisatayike. Bungwe la United Nations loona za matelefoni ndi intaneti, la ITU, linati mu 2023 anthu pafupifupi 2.6 biliyoni sankagwiritsa ntchito intaneti, munthu mmodzi mwa atatu alionse padziko. Ndipo ambiri amene ali nayo amabwerekana foni, ndiye meseji yonena za matenda kapena ngongole imatha kuwerengedwa ndi munthu wina m'nyumba. Muziganizira zimene mukulemba m'mesejimo.

Zimene zinafalikira kwenikweni zinasiya malo a munthu. M-Pesa ku Kenya poyesedwa koyamba inali yobwezera ngongole zing'onozing'ono. Oyambitsa ataona kuti anthu akuigwiritsa ntchito potumizirana ndalama, anatsata anthuwo, n'kuitsegula mu 2007 ngati njira yotumizira ndalama, yoyenda pa foni yamabatani, yokhala ndi ma ejenti oti ulankhule nawo maso ndi maso. Ku Rwanda, Irembo, webusaiti yopempherapo ntchito za boma imene inayamba mu 2015, ilinso ndi ma ejenti othandiza amene sangathe okha. Khomo la pa foni litseguke, koma la munthu lisatsekedwe.

Nachisale:
Ndatolapo zambiri. Chimene chikundivutabe ndi anthu ngati agogo aja. Amene amamaliza ndimawadziwa, manambala awo ndili nawo. Nanga amene anabwerera panjira, kapena amene sanayese n'komwe, ndingawapeze bwanji kuti ndiwaonerere?

Mayi Nkhoma:
Yambani ndi mlonda wa pageti ndi wolandira alendo. Amenewo amadziwa amene amabwera n'kubwerera asanalowe, ndiponso funso limene amafunsidwa tsiku lililonse. Kenako pezani anthu amene amadzazira anzawo mafomu, kaya ndi aphunzitsi, adzukulu kapena odzipereka a m'dera, muwafunse kuti ndi pati pamene amangolembapo chilichonse kuti zidutse. Mafomu amene anabwezedwa chifukwa chosakwanira musawataye, ayaleni pa tebulo muone mabokosi amene ali opanda kanthu. Ndipo mukapita kwa munthu amene anasiya, mupite kumene iye ali, mumuuze poyambirira kuti zimene anene sizikhudza thandizo lake, ndipo ngati akuyenera kulandira, mumalize naye pempholo tsiku lomwelo musanachoke.